Mabawuti Onse M'ndowa Imodzi

Kuseri kwa nyumba yanga kuli khola la nkhuku lokhala ndi chiwongolero. Alendo akaliona amaseka, ine ndimaseka nawo, kenako ndimawafunsa za mvula yakwawo kuti nkhani isinthe. Lero ndaganiza zoulula ndekha, chifukwa amene amaidziwa nkhaniyi akuchepa, ndipo otsalawo amaifotokoza mondikomera mtima kuposa mmene ndiyenera.

Kholalo linali galimoto ya malemu bambo anga. Anaigula kwa mzungu wina wa pa esiteti amene ankabwerera kwawo, ine ndisanayambe n'komwe sukulu. Inali yobiriwira, ya mphuno yaitali, mipando yake yachikopa chofiira, ndipo kwathu ku Mvera kunalibe ina yofanana nayo. Bambo ankaipukuta m'mawa uliwonse iwo asanasambe. Amayi ankaitchula kuti "mkazi mnzanga," ndipo si nthawi zonse pamene ankanena moseka.

Bambo anali ndi chizolowezi chawo. Akamachokera kuntchito, pofika pa mlatho wa kumunsi kwa mudzi ankaliza hutala katatu, kawiri mofupika, kachitatu mokoka. Amayi akamva ankasiya chilichonse, kuika madzi osamba pamoto, n'kusintha chitenje. Zaka zambiri zinatha choncho. Kenako galimoto inafa, inakhala pansi pa mtengo wa mango mpaka udzu unamera m'matayala, ndipo bambo nawo anatisiya chaka chimene tinavotera matipate.

Patapita zaka ziwiri tinagwirizana zomanga chiliza mwezi wa Ogasiti. Nthawiyi n'kuti ndikuphunzitsa pa sukulu ina ya pulayimale ku Senga Bay, ndipo amayi maso atachita ng'ala, akungozindikira anthu ndi mawu. Nditapita kumudzi pa Khirisimasi anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Pa chiliza cha abambo ako, mkazi mnzanga uja adzakhalepo. Adzalire pa mlatho paja ngati kale, ine ndimve ndili pakhonde pano."

Ndinalonjeza pomwepo. Koma ndisaname, pamene amayi ankalankhula za mlatho, ine m'mutu mwanga ndinali nditatsika kale m'galimoto yonyezimira, nditavala jekete, alamu anga onse akuyang'ana. (Ndili ndi mlamu wina amene anali atangogula njinga yamoto, ndipo ankaiimika pakati pa bwalo ngati ndi mkwati.)

Galimotoyo ndinaikweza pa lole ina yopita kunyanja, n'kukaitsitsa kwa Che Jafali. Ameneyu anali makaniko wachikulire, Msilamu, wochepa thupi ndi wochepa mawu. Galaja yake inali pansi pa mtengo wa mkuyu pafupi ndi njira yopita kudoko. Panalibe mpanda, panalibe chikwangwani, kupatula kachisakasa ka malata ndi mainjini a maboti ali mbwee. Anthu anandiuza kuti ali mnyamata anagwirapo ntchito pa galaja ya azungu ku Halale, ndipo magalimoto akale ankawadziwa ngati ana ake.

Anaizungulira galimotoyo kawiri, n'kuisisita pamphuno.

"Mashallah," anatero. "Yotere ndinaiona komaliza ndilibe imvi."

"Idzayenda?"

"Idzayenda, Inshallah. Koma musandithamangitse, aphunzitsi. Nkhalamba sitiivula malaya mokoka."

Ndinamuuza kuti ndikuifuna pofika Ogasiti chifukwa kumudzi kuli mwambo. Basi. Za amayi, za mlatho, za hutala, sindinatchule ngakhale liwu limodzi. Ndinkaona ngati mphunzitsi wa Sitandade 8 sangakhale pansi pa mkuyu n'kumafotokozera makaniko zakumtima. M'malo mwake ndinatha theka la ola ndikulongosola mtundu wa penti, kuti isakhale yobiriwira ngati masamba a chimanga koma ngati a mango okhwima.

Mwezi woyamba zinthu zinkayenda, kapena tinene kuti zinkamasuka. Ulendo uliwonse ndikadutsa, galimoto inkachepa. Lero zitseko palibe, mawa mipando, mkuja magalasi. Pomaliza panatsala chigoba chokhachokha chitakhala pa zitsa zinayi. Chimene chinkachuluka ndi zitini. M'kachisakasa muja Che Jafali anayala matabwa, ndipo pamatabwapo anandandalika zitini za majarini, za mkaka, za phwetekere, mizere mizere ngati ana pa asembule. M'chitini chilichonse munali mabawuti, manati ndi mawasha, pena atatu, pena dzanja lodzaza. Kunja kwake anajambulapo ndi penti tizizindikiro: nsomba, mwezi, phazi la nkhuku, timizere tiwiri, timizere titatu.

Ndinanyamula chimodzi cha nsomba kuti ndione.

"Bwezerani pomwepo, aphunzitsi," anatero ali pansi pa chigoba, miyendo yokha ikuoneka. "Pomwepo ndithu, osati pambali pake."

Ndinabwezera, koma mumtima ndinaseka. Munthu wosadziwa kulemba dzina lake akundiuza ine poika chitini.

Mavuto anayamba mu Epulo. Tsiku lina ndikuchokera kumsika ndinaona azibambo atatu akusewera bawo pakhonde la telala, atakhala mwaufulu pa mpando wofiira wachikopa. Ndinatsika panjinga kuti ndione bwino. Unali mpando wakumbuyo wa galimoto ya bambo, umene ife ana sitinkaloledwa kukhalapo tisanasambe kumapazi. Nditapitirira pang'ono, kwa wowotcherera zitsulo, ndinapeza zitseko ziwiri zobiriwira zitatsamira khoma, mbuzi itagona pamthunzi pake. Ndinathamangira kugalaja. Kunali zii. Mkazi wa Che Jafali anandiyankha akupeta mpunga, osadandaula n'komwe.

"Apita ku Mbenji. Chilumba chatsegulidwa."

"Abwera liti?"

"Mainjini akasiya kuwonongeka."

Tsono apa pali chinthu chimene aliyense wa kunyanja amadziwa, kupatula ine mwana wa kumapiri. Ku Mbenji saphako nsomba nthawi ya dzinja, chilumba chimatsekedwa. Chikatsegulidwa asodzi onse amakhamukira kumeneko, ndipo makaniko wa mainjini a maboti amawatsatira, chifukwa injini ikafa kumeneko banja lonse kumtunda limagona ndi njala. Zimatero chaka ndi chaka. Ndikanafunsa ngakhale mwana wa m'kalasi mwanga akanandiuza. Koma ine ndinakafunsa a Kamwendo.

A Kamwendo anali mphunzitsi mnzanga, wochokera ku Mulanje, mlendo kunyanja ngati ine ndemwe. Masiku amenewo nyuzipepala zinali zitabuka ngati bowa, ndipo iwo ankawerenga zonse mpaka zotsatsa malonda. Mawu akuti ufulu sankachoka pakamwa pawo. Atamva nkhani yanga anavula magalasi.

"Achimwene, akukudyerani masuku pamutu. Galimotoyo akuigulitsa pang'onopang'ono ngati nyama ya ng'ombe. Nthawi yoopa anthu inatha. Ino ndi demokalase, munthu amayenera kumenyera ufulu wa katundu wake."

Mawuwo anandikomera. Zaka zonse zija tinakhala chete, tsopano pakamwa panali patatseguka, ndipo ambiri a ife tinkangofuna wina woti tiyeserepo. Ine ndinayesera pa nkhalamba yokonza mainjini.

Tinayamba ndi kalata. Tinailemba m'Chingerezi, masamba atatu, a Kamwendo akuyendayenda m'chipinda cha aphunzitsi n'kumanena mawu akuluakulu, ine ndikulemba. (Inde, m'Chingerezi, kupita kwa munthu wojambula nsomba pa zitini. Musandifunse.) Tinaipatsira msodzi wina wopita kuchilumba. Ndinadzamva pambuyo pake kuti Che Jafali anaipereka kwa wogula nsomba wina wa ku Lilongwe kuti amuwerengere, ndipo iyeyo anaimasulira mokweza, asodzi onse akusoka maukonde n'kumamvetsera. Yankho linabwera la pakamwa, lalifupi: "Auzeni aphunzitsi kuti ndamva. Asakhudze kanthu."

A Kamwendo anati kumeneko ndi kunyoza.

Lachisanu lina mu Meyi ana atangoweruka, ndinabwereka ngolo ya abulu, a Kamwendo ali pambali panga ngati loya, n'kuyamba kulanda katundu wanga khomo ndi khomo. Telala anayesa kundiletsa.

"Aphunzitsi, taonani kaye mpando wakutsogolowu, ndausoka kale, ulusi wake ndinachita kuitanitsa. Che Jafali sasiya chinthu chabwino pa galaja, palibe mpanda paja. Chilichonse amakasungitsa kwa amene adzachikonze, kapena kwa mbale wake. Timatero kuno."

"Nanga a bawowa akukonza chiyani?"

"Awa angokhalapo. Mpando sutha ndi kukhalapo."

Sindinamve. Tinakweza mipando. Tinakweza zitseko, chimodzi chili chowotcherera theka. Magalasi tinakawapeza kwa mlongo wake wa Che Jafali, atakulungidwa bwinobwino m'mabulangete kunsi kwa bedi, ndipo ngakhale zimenezo sizinandiphunzitse kanthu. Ndinangoti, taonani pamene wabisa. Pofika kugalaja n'kuti kumbuyo kwa ngolo kukubwera gulu la anthu, ena atasiya nsomba pa thandala kudzaonera ulere.

Zinatsala zitini. Ngolo inali itadzaza, zitini zinali zambirimbiri, ndipo zopanda zivindikiro. A Kamwendo anayang'ana wotchi. Ine ndinayang'ana uku ndi uku, n'kuona ndowa yachitsulo ili pakona. Nzeru inandifikira, nzeru ya munthu wophunzira. Ndinatenga chitini cha nsomba n'kukhuthulira m'ndowa. Kenako cha mwezi. Kenako cha phazi la nkhuku. Phokoso lake ndimalikumbukira mpaka lero, ngati matalala pa malata. Ndinamaliza mzere woyamba, wachiwiri, mpaka thabwa lomaliza, zitini zopanda kanthu ndikuponya panja, ndipo ndinagwedeza ndowayo kuti zikhazikike bwino.

Nditawongoka ndinaona anthu akupatuka. Che Jafali anali ataima pansi pa mkuyu, atavala mkanjo woyera ndi kapu, akuchokera ku mzikiti pamodzi ndi akuluakulu anzake. Anali atabwera m'mawa womwewo kudzapemphera ndi kudzaona banja.

Munthu wanzeru akanachita manyazi. Ine ndinaona kuti gulu lilipo, ndiye ndinakweza mawu. Ndinanena za ufulu. Ndinanena kuti nthawi yopondereza anthu inapita. Kenako ndinamuloza chala, bambo wa msinkhu wa bambo anga, pamaso pa anzake opemphera nawo, n'kumutchula kuti wakuba.

Iye sanandiyang'ane. Anayang'ana ndowa.

"Aphunzitsi, mwathira zonse?"

"Ndi zanga."

"Ndi zanu, zoona." Anagwada, mkanjo woyera uja ukukhudza dothi la oyilo, n'kutola bawuti imodzi. "Iyi ndi ya pamutu pa injini, kumanzere. Ili ndi inzake yofanana nayo, koma yaitali pang'ono ngati chikhadabo. Mukazisinthanitsa, chitsulo chimang'aluka. Muyezo wake ndi wakale, m'sitolo simungaupeze." Anaibwezera m'ndowa mofatsa. "Inu mumalemba pa bolodi. Ine ndimalemba m'zitini. Mwafufuta buku langa lonse."

Palibe anaseka. A Kamwendo anayamba kupukuta magalasi awo.

"Tengani katundu wanu," anatero Che Jafali. "Muyende bwino."

Mawa lake ndinapeza thalakitala yokoka chigoba, ndipo zonse tinapita nazo ku Salima m'tauni, pa galaja yeniyeni yokhala ndi mpanda, geti ndi chikwangwani cha zilembo zofiira. Mwini wake, bambo wonenepa wovala ovolosi, anasuzumira m'ndowa nthawi yaitali.

"Anamasula ndani galimotoyi?"

"Mkulu wina wa ku Senga Bay, Che Jafali."

"Ndiye mwaichotseranji kumeneko? Ife zikatikanika timatumiza kwa iwowo."

Anavomera kuyesa, poti ndinachonderera. Miyezi iwiri anayesa. Masipanala ake theka sankagwira. Bawuti iliyonse ankachita kuiyeza pa bowo lililonse ngati akufunafuna mwini wa nsapato yotayika. Chakumapeto kwa Julaye ananditumizira uthenga kuti ndipite, ndipo anandionetsa mng'alu pamutu pa injini, wautali ngati chala. Bawuti yaitali ija inali italowa pa malo a yaifupi, ndendende mmene ananenera mwini zitini.

Mkazi wanga anali atandiuza kale, sabata yomweyo ya ndowa. "Bambo a Tamanda, pitani mukapepese. Mkulu uja ndi wamtima wabwino, akhala pansi n'kusankhanso mabawutiwo." Kawiri konse ndinapalasa njinga kulowera ku mkuyu kuja. Kawiri konse ndinafika pokhota, n'kuona nsana wake atawerama pa injini, n'kupitirira ngati ndikupita kukagula usipa. Kunena kuti wakuba pagulu kunanditengera mpweya umodzi. Kunena kuti pepani kunandikanika miyezi itatu.

Tsiku la chiliza ndinafika kumudzi pa matola, nditapanikizana ndi madengu a nsomba zouma, jekete lija likununkha utaka. Ndinatsikira kumsewu n'kuyenda wapansi. Pa mlatho ndinadutsa mwakachetechete ngati ndaba nkhuku. Amayi ndinawaonera patali. Anali pakhonde, atavala chitenje chatsopano, nkhope italoza kumunsi kumene kuli mlatho. Mlongo wanga anandinong'oneza kuti akhala pamenepo kuyambira m'mawa, ndipo akana kulowa m'nyumba kuopa kuti sangamve.

Anandizindikira ndi mayendedwe.

"Wabwera wapansi?"

"Yatsala pang'ono, amayi. Penti ndi imene sinaume."

"Penti," anatero. "Ine ndi maso angawa, penti."

Anaimirira, kugwira dzanja la mlongo wanga, n'kuyamba ulendo wa kumanda. Nkhani ya galimoto sanaitchulenso tsiku limenelo, ngakhale tsiku lina lililonse. Ndikanakonda akanandikalipira. Anamwalira dzinja lotsatira, chimanga chikuyamba kumasula.

Patatha masabata atatu chiikireni maliro, Loweruka lina m'mawa, ndinamva "odi" pakhomo. Anali Che Jafali, akukankha njinga. Pa kaliyala anamangapo batire ya boti ndi kanthu kena kokulungidwa m'thumba. Ndinamupatsa mpando, iye anakhala.

"Ndinamva za maliro a mayi. Pole sana, aphunzitsi. Mulungu awalandire."

Ndinathokoza. Ndinkafunafuna poyambira kupepesa, koma iye anali akumasula kale thumba lija. Munatuluka hutala ya galimoto ya bambo, yopukutidwa mpaka kuwala. Ndiyenera kuvomera apa chinthu chimene chimandiwawa kuposa zonse. Tsiku la ngolo lija ndinawerenga zitseko, magalasi, ngakhale zogwirira za mawindo, koma sindinazindikire kuti hutala palibe. Miyezi yonseyo sindinaifunse n'kamodzi komwe.

"Iyi ndinapita nayo ku Mbenji," anatero. "Ndinkaikonza ndikapeza mpata. Kachitsulo kake ka m'kati kanali katadyeka ndi dzimbiri, ndinasema kena. Tsiku lija ndinaiwala kukupatsani, mutu sunali bwino. Kenako ndinkadikira kuti mwina mubwera. Tsono ndakalamba, sindifuna kufa ndi chinthu cha mwini."

Sananene mondibaya. Zikanakhala bwino akanandibaya.

Anatsitsa batire, n'kugunditsa mawaya awiri. Hutala inalira. Mawu ake anali omwe aja, okhuthala, osasa pang'ono kumapeto, ndipo mwadzidzidzi ndinali mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri ndikuthamangira kumsewu, amayi akukuwa kuti ndivale malaya. Ndinakhala pansi pa dothi, ine mphunzitsi wa Sitandade 8, n'kulira pamaso pa makaniko. Kenako ndinamuuza zonse, za mlatho, za kawiri mofupika ndi kachitatu mokoka, za ng'ala, za chitenje chatsopano. Zimene ndikanamuuza tsiku loyamba m'malo mwa masamba a mango. Ndinapepesanso, mochedwa ndi pafupifupi chaka chathunthu.

Za kupepesazo anangokupiza dzanja. Koma atamva nkhani ya amayi anayang'anitsitsa hutalayo.

"Bwanji simunanene, aphunzitsi? Iyi inatha kale mu Meyi, musanabwere ndi ngolo yanu." Anapukusa mutu. "Ngakhale zitachitika zija, mukanangobwera. Batire iyi, njinga iyi, tikanakwera matola ine ndi inu, n'kukaima pa mlathopo. Mayiwo ankafuna kumva amuna awo akubwera. Zimenezo sizifuna matayala."



Chigoba chija ndinachikokera kunyumba, nkhuku zinachipeza zokha. Che Jafali anamwalira zaka zingapo zapitazo, ndipo pa maliro ake ndinanyamula nawo. Hutala ili pamwamba pa kabati, sindinailumikizenso. Ndowa ili pakona ya chipinda chosungira katundu. Mkazi wanga wandiuza kambirimbiri kuti ndiigulitse kwa ogula zitsulo, ine ndimakana. Nthawi ya holide ndimaitulutsa pakhonde, kundandalika zitini za majarini, n'kuyamba kusankha, yaitali uku, yaifupi uku. Sindidziwa kuti iti ipita pati, ndipo amene ankadziwa kulibe. Ana oyandikana nafe akandifunsa chimene ndikuchita, ndimawauza kuti ndikukonza galimoto.